Kugula ndi kugulitsa mayina a pa intaneti: kudziwa dzina labwino ndi kuliikira mtengo

Mu 2019 kampani ya ku America yotchedwa MicroStrategy idagulitsa dzina la voice.com pamtengo wa madola 30 miliyoni. Nkhani zotere zikamayenda pa WhatsApp, achinyamata athu a ku Tsangano, ku Biriwiri ngakhale pa Ntcheu boma pompano amayamba kufunsa ngati nawonso angalowe geni imeneyi ali ndi foni ndi bandulo basi. Angalowe ndithu. Koma dzina limodzi likagulidwa pa mamiliyoni, kumbuyo kwake kumakhala mayina miyandamiyanda omwe eni ake adawalipirira chaka ndi chaka popanda wobwera kudzafunsa, mpaka adatopa n'kuwataya. Sindifuna kuti mpamba womwe mwaupeza ndi thukuta, mwina pogulitsa kachewere kapena kabichi wa kudimba, ukathere m'mayina opanda wogula.

Domain ndi dzina lomwe munthu amalemba kuti afike pa webusaiti, lomwenso limabwera pambuyo pa chizindikiro cha @ mu imelo ya kampani. Siligulidwa kwamuyaya. Mumalilembetsa kudzera ku makampani otchedwa registrar, monga Namecheap, Dynadot kapena GoDaddy, n'kumalipira chaka chilichonse kuti likhalebe lanu. Mukasiya kulipira, wina amatola. Dzina lililonse limakhala ndi mwini mmodzi pa dziko lonse, ndiye wofuna dzina lomwe lidatengedwa kale alibe kochitira koma kukagogoda kwa mwiniwakeyo. Msika wake udayambira pamenepo. Zili ngati malo: puloti ya m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lizulu ndi puloti ya kuseri kwa phiri zitha kufanana kukula, koma ofuna kumanga golosale amalimbirana yoyambayo, yachiwiriyo n'kumangomera tchire.

Yambani ndi masamu, musanagule chilichonse

Dzina lothera ndi .com nthawi zambiri limalipiridwa madola apakati pa 10 ndi 20 pachaka, malinga ndi registrar yemwe mwasankha. Kampani ya Verisign, yomwe imasunga kaundula wa .com yense, imatenga madola oposa pang'ono 10 pa dzina lililonse. Choncho mukaona wina akukupatsani dzina pa dola imodzi kapena ziwiri, imeneyo ndi nyambo ya chaka choyamba. Fufuzani mtengo wa chaka chachiwiri musanadine.

Anthu okhalitsa pa ntchitoyi amanena kuti pa mayina 100 abwinobwino, omwe amagulidwa pachaka ndi limodzi kapena awiri okha. Tengani cholembera. Mukakhala ndi mayina 20, lililonse madola 12, ndiye kuti chaka chilichonse mukutulutsa madola 240. Pa mayina 20 amenewo mutha kudikira zaka zitatu mpaka zisanu kuti limodzi ligulidwe. Tinene kuti mwadikira zinayi: mwatulutsa madola 960. Msika womwe mwagulitsirapo ukadula gawo lake, tiyerekeze 20 peresenti, dzinalo liyenera kupita pa madola 1,200 kuti mungobweza zomwe mudalowetsa, phindu lisanayambe n'komwe.

Kuno kwathu pali chinanso. Zonsezi mumalipira m'madola pamene inu mumapeza makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo yemwe adali ndi mayina oti alipirire adadzuka ngongole yake itakula osawonjezera dzina ngakhale limodzi. Ndalama zakunja zikavuta, khadi la ku banki litha kukana kulipira pa tsiku lomwe mukulifuna kwambiri. Ndiye yambani ndi mayina atatu kapena asanu, ndipo musagule ngakhale limodzi ngati mulibe ndalama yolilipirira zaka zitatu. Ndalama ya fetereza, ya fizi ndi ya ku banki mkhonde isayandikire kuno.

Tchulani wogula

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Dzina likakusangalatsani, musathamangire kulilembetsa. Lembani papepala mabizinesi enieni, osachepera asanu, omwe alipo lero, omwe dzinalo lingawakhale bwino kuposa lomwe akugwiritsa ntchito. Asakeni pa Google, onani mawebusaiti awo. Mukapeza kampani yomwe ikuvutika ndi dzina lalitali la mawu anayi pamene inu mwapeza lalifupi la mawu awiri la ntchito yomweyo, pamenepo pali fungo la malonda. Mukalephera kudzaza pepalalo, dzinalo ndi lokoma m'khutu mwanu mokha. Lisiyeni.

Misika ilipo iwiri ndipo simuyenera kuisakaniza. Wa kunja ndi wa mayina achingerezi, makamaka a .com, ndipo ogula ake amalipira madola. Kumeneko mukupikisana ndi anthu omwe adayamba zaka makumi awiri zapitazo, ali ndi mayina zikwizikwi komanso makompyuta omwe amatola dzina labwino likangotayidwa. Mayina onse a .com a zilembo zitatu ndi zinayi adatha kalekale. Chotsala kwa woyamba kumene ndi mawu awiri ogwirizana bwino, onena za ntchito yomwe ili ndi ndalama: zomangamanga, inshuwalansi, zachipatala, magetsi a dzuwa, zokopa alendo.

Msika wa kuno ndi waung'ono, ndipo ndibwino ndinene mosabisa. Mabizinesi ambiri pa Dedza ndi pa Ntcheu amagulitsa kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, webusaiti saiona kufunika. Omwe angafune dzina ndi monga malo ogona alendo omwe amalandira anthu odzaona zojambula zakale za pa miyala ya Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wake mu 2006, kapena opita ku Mua. Makopaletivi a alimi ofuna ogula a m'tauni ndi a kunja. Sukulu zomwe si zaboma. Mabungwe ofuna kuoneka bwino pamaso pa othandiza. Anthu amenewa sangakupatseni madola zikwi. Ine ndimaona kuti kwa iwo dzina lokhalokha silimayenda. Limayenda mukaliphatikiza ndi ntchito: kawebusaiti ka masamba atatu, imelo ya dzina la bizinesi yawo, ndi kuwakumbutsa nthawi yolipira. Kwa mnyamata wa kuno wodziwa kompyuta, njira imeneyi ndi yomwe ingabweretse ndalama msanga kuposa kudikira wogula wa ku London.

Liyeseni dzinalo

Yambani ndi kumapeto kwake. Mfumu ikadali .com, yomwe idayamba mu 1985 ndipo ili ndi mayina oposa 150 miliyoni. Munthu akaiwala mathero a dzina, chala chake chimalemba .com chokha. Mathero a dziko lathu ndi .mw, omwe kaundula wake wakhala m'manja mwa Malawi SDNP, ndipo ndi oyenera bizinesi yofuna kudziwika kuti ndi ya kuno, koma wogula wa kunja sawafuna. Palinso .ai, ya kachilumba ka Anguilla, yomwe yatchuka chifukwa cha makampani a AI, luso lopangitsa makompyuta kuchita zinthu ngati ali ndi nzeru za munthu. Ndi yokwera mtengo kwambiri ndipo poyamba amalembetsa zaka ziwiri nthawi imodzi, ndiye si ya munthu wa mpamba wochepa. Chenjerani ndi mathero atsopano ngati .online, .shop ndi .xyz. Chaka choyamba amatchipa mochititsa kaso, chachiwiri mtengo umalumpha, ndipo mayina ena amakhala ndi mtengo wapadera wokwera womwe mudzalipira chaka chilichonse.

Kenako imbirani mnzanu foni, mumuuze dzinalo kamodzi kokha, alembe papepala. Akalemba molondola osafunsa, dzinalo lakhoza. Akafunsa kuti "pali kamzere pakati?" kapena "4 wa nambala kapena wa mawu?", lalephera. Timizere ndi manambala zimagwetsa mtengo chifukwa makasitomala a mwini bizinesi amasochera n'kukathera kwa wina.

Pa mayina achichewa mayesowa ndi ofunika koposa. Enafe timalemba "ndiri", ena "ndili". Ena "zobwereka", ena "zobweleka". Dzina lokhala ndi mawu otere limagawa anthu pawiri, theka n'kupita kolakwika. Kachizindikiro ka mu "ng'ombe" sikaloledwa m'dzina la domain, ndiye mawu otero amasanduka china. Sankhani mawu omwe aliyense amalemba mofanana, monga ulimi, msika, nyumba, maphunziro. Ndipo dzina likhale lalifupi: mawu amodzi kapena awiri, atatu pokhapokha ngati ndi mmene anthu amanenera kale.

Lembaninso dzinalo m'zilembo zazing'ono zokhazokha, mopanda mipata, muliyang'anitsitse. Mawu awiri aulemu akagundana amatha kubereka mawu achitatu ochititsa manyazi.

Fufuzani mbiri yake ndi eni chizindikiro

Dzina lomwe likuoneka lopanda mwini lero litha kukhala kuti lidagwirapo ntchito kale. Pitani pa archive.org, pa Wayback Machine, mulembe dzinalo muone zomwe zidali pamenepo zaka zapitazo. Mukapeza juga, zolaula, mankhwala abodza kapena masamba onamiza anthu, thawani. Dzina lotere limakhala litalowa m'mabuku oipa, maimelo ochokera pamenepo amakathera ku spam, komwe kumatayidwa maimelo osafunika, ndipo wogula wochenjera adzaona zomwe inu simudaone. Mukapeza kuti padali bizinesi yooneka bwino yomwe idangotseka, si vuto, nthawi zina ndi ubwino.

Chachiwiri ndi chachikulu kuposa choyamba. Musalembetse dzina lokhala ndi chizindikiro chamalonda cha ena. Kutenga dzina lokhala ndi mawu oti Airtel, TNM, Toyota kapena la banki iliyonse n'cholinga choti adzakugulireni si geni, ndi mlandu. Kuyambira 1999 pali ndondomeko yothetsera mikangano yotere yotchedwa UDRP, ya bungwe la ICANN lomwe limayang'anira mayina a pa intaneti, ndipo milandu yambiri imaweruzidwa kudzera ku bungwe la WIPO ku Geneva, loona za zizindikiro zamalonda. Mwini chizindikiro akaonetsa zinthu zitatu, kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake, kuti inu mulibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti mudalitenga ndi kuligwiritsa ntchito ndi mtima woipa, amakulandani osakupatsani ngakhale tambala. Kalata yanu yowapempha kuti agule imasanduka umboni wokutsutsani. Fufuzani dzinalo mu Global Brand Database ya WIPO, yomwe ndi yaulere, komanso pa Google.

Ngakhale pomwe lamulo silingakufikeni, musachite zimenezi kwa anansi. Mayi yemwe wavutika zaka khumi kumanga dzina la lesitilanti yake pa Dedza asadzapeze kuti mwana wa m'mudzi momwemo walitenga pa intaneti n'kumamulipiritsa. M'boma laling'ono mbiri yotere imakutsekerani makomo onse.

Kumene mungalipeze

Njira yotchipa ndi kulembetsa dzina lomwe palibe walitenga. Koma dzifunseni chifukwa chomwe anthu onse ochenjera a pa dziko alisiyira. Nthawi zina yankho ndi labwino: ntchito yake ndi yatsopano, kapena ndi ya dera lomwe inu mukulidziwa iwo sakulidziwa. Kawirikawiri yankho n'lakuti palibe wolifuna.

Njira ina ndi kugula mayina omwe eni ake asiya kulipirira, pa okushoni monga GoDaddy Auctions kapena DropCatch. Kumeneko kumapezeka abwinopo, koma mtima umatentha anthu akamapikisana. Lembani malire anu papepala okushoni isanayambe, ndipo mtengo ukapitirira pamenepo tsekani foni.

Kuika mtengo

Dzina limodzi lili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi wopikulitsa, womwe wamalonda mnzanu angakupatseni kuti naye akagulitse. Umakhala wotsika kwambiri koma ndalama imabwera msanga. Wachiwiri ndi wa mwini bizinesi yemwe akufuna kuligwiritsa ntchito, ndipo utha kuposa woyambawo kakhumi kapena kupitirira, koma munthuyo amabwera nthawi yake, mwina osabwera n'komwe. Oyamba kumene ambiri amagula pamtengo wa mwini bizinesi n'kudzagulitsa pamtengo wopikulitsa. Inu muzigula motsika, ngati wopikula, nthawi zonse.

Kuti mudziwe pomwe dzina lanu lili, pitani pa NameBio, pomwe amasunga mitengo ya mayina omwe adagulidwadi. Lembani liwu lalikulu la m'dzina lanu, musankhe mathero ofanana ndi anu, muone malonda a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Pezani mayina khumi ofanana ndi lanu kutalika ndi ntchito. Chotsani lokwera kwambiri ndi lotsika kwambiri, muyang'ane pakatipo. Onaninso komwe lililonse lidagulitsidwira: la pa okushoni ya mayina otayidwa likukuuzani mtengo wopikulitsa, la pa misika ya mayina ngati Sedo kapena Afternic nthawi zambiri likuyandikira mtengo wa mwini bizinesi. Ndipo musapusitsidwe ndi mitengo yomwe anthu akutchula pa mayina omwe sadagulidwe. Aliyense atha kulemba madola 50,000 pa dzina lake. Umboni ndi ndalama yomwe idasinthadi manja.

Pali makina oyerekeza mtengo, monga a GoDaddy ndi EstiBot. Agwiritseni ntchito posefa mndandanda wautali, koma nambala yomwe akupatsani musaiyese ndalama ya m'thumba. Makinawo sadziwa ngati pali munthu wolifuna dzinalo, ndipo pa mayina achichewa amangolota.

Mukapeza mtengo wapakati, bwererani ku masamu aja. Kodi mtengowo, msika utadula gawo lake, ukubweza ndalama za mayina ena omwe sadzagulidwa? Ngati ayi, dzinalo silidayenere kugulidwa, ndipo chaka chamawa musalilipirire. Kwa wogula wa kuno, werengerani m'madola zomwe mwatulutsa, muwonjezere ntchito yanu, kenako musinthe kupita ku makwacha pa tsiku la malondalo, osati pa tsiku lomwe mudagula.

Kuliika pa msika ndi kunenerera

Lembetsani dzinalo pa Afternic, yomwe ndi ya GoDaddy, ndi pa Sedo ya ku Germany. Kulembetsa n'kwaulere; amadula gawo lawo dzina likagulidwa, ndipo gawolo limasiyana malinga ndi momwe wogula wafikira, ndiye werengani mitengo yawo ya panopa musanaike wanu. Lozetsani dzinalo ku tsamba lonena kuti likugulitsidwa, kuti aliyense wolilemba aone mtengo ndi podina. Pa mayina apakatikati, ikani mtengo wooneka woti munthu agule pompo. Ambiri akaona kuti ayenera kulemba kalata n'kudikira yankho amangopita kukasaka dzina lina. Misika ina imalolanso wogula kulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, dzina n'kukhala lake akamaliza, ndipo zimenezi zimathandiza mabizinesi ang'onoang'ono.

Wina akakulemberani kupereka mtengo wotsika, musakwiye komanso musalumphire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: ngati wabwera yekha, dzinalo akulifuna. Mufufuzeni kaye kuti ndi ndani. Muyankhe mwaulemu, mwachidule, mutchule mtengo wanu ndi zitsanzo ziwiri za mayina ofanana omwe adagulidwa. Mukamatsika, tsikani pang'onopang'ono, ndipo kutsika kulikonse kukhale kochepa kuposa koyamba kuti aone kuti mukufika kumapeto. Musamuuze kuti muli pa mavuto a ndalama. Musanamenso kuti pali wogula wina pomwe palibe.

Mutha kulemberanso mabizinesi a papepala lija nokha, kalata imodzi yaifupi kwa aliyense, yotchula dzina, mtengo ndi nambala yanu. Akapanda kuyankha, kumbutsani kamodzi basi. Dziwani kuti mukapita ndinu, mtengo umakhala wotsikirapo.

Pali chinyengo chimodzi chomwe chagwira anthu ambiri oyamba kumene. Mumalandira imelo ya munthu wofuna kugula dzina lanu pa madola zikwi zambiri, koma akuti kaye mukalipire satifiketi yotsimikizira mtengo pa webusaiti yomwe iye watchula. Webusaitiyo ndi yake yomwe. Mukalipira, amasowa. Wogula weniweni sakulipiritsani chilichonse.

Kulandira ndalama ndi kupereka dzina

Musapereke dzina ndalama isanafike, ndipo musayembekezere kuti mlendo atumiza ndalama dzina asanalione. Pamafunika mkhalapakati. Mukagulitsa kudzera pa Sedo kapena Afternic, iwo omwe ndi amkhalapakati. Mukagwirizana panokha, pali Escrow.com: wogula amaika ndalama kumeneko, inu mumapereka dzina, iye akatsimikiza kuti walandira ndalama imatulutsidwa. Musanaike dzina pa msika uliwonse, onani njira zomwe amalipirira anthu a ku Malawi, mufunsenso ku banki yanu zomwe amadula ndi mapepala omwe amafuna ndalama ikachokera kunja. Pa dzina la mtengo wochepa, zodula za ku banki zitha kudya gawo lalikulu. Sungani malisiti onse, chifukwa phindu la malonda limakhudza msonkho wa ku MRA.

Ngati wogula ndi wa kuno, khalani pansi limodzi, mulemberane pangano pamaso pa mboni, ndalama ilowe ku banki, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, muione mu akaunti yanu osati pa uthenga womwe akuonetsani pa foni yake, kenako musamutse dzinalo iye akuona.

Kusamutsa kuli pawiri. Ngati nonse muli kwa registrar mmodzi, mumangolikankhira ku akaunti yake ndipo zimatheka mwachangu. Ngati akupita nalo kwina, mumachotsa loko pa dzinalo n'kumupatsa nambala yachinsinsi yotchedwa auth code, ndipo zimatenga masiku angapo. Kumbukirani kuti dzina la .com lomwe langolembetsedwa kapena kusamutsidwa kumene silingapite kwa registrar wina mpaka patatha masiku 60, ndiye muuzeni wogula zimenezi musanalandire ndalama yake. Akaunti yanu ya kwa registrar ikhale ndi loko wachiwiri wa pa foni, woti polowa muzilembanso nambala yochokera pa foni yanu, ndipo imelo yomwe mudalembetsera musaitsegule pa kompyuta ya aliyense, chifukwa wolowa mu imeloyo watenga mayina anu onse.

Chaka chikamatha

Kutatsala miyezi iwiri kuti nthawi yolipira ikwane, unikani dzina lililonse palokha. Kodi alipo adafunsapo? Kodi tsamba lake limalandira alendo? Kodi mukadaliona lero koyamba, mukadaligula? Lomwe lalephera mafunso onse atatu, yesani kulipikulitsa motchipa, likakanika lisiyeni, ngakhale mudalilipirira zaka ziwiri.

Lomwe mukulisunga lilipireni msanga, khadi likadali kugwira ntchito. Ma registrar ena amalola kuikiratu ndalama mu akaunti kuti izidzilipira yokha. Mukaphonya tsiku, dzina la .com silitayika pompo. Pamakhala masiku ochepa oti mulipire pamtengo wamba, omwe kuchuluka kwake kumadalira registrar, ndipo ena amayamba kuligulitsa pa okushoni nthawi yomweyo isanathe. Kenako pamabwera masiku 30 oliwombola pamtengo wokwera kangapo, ndi masiku 5 omaliza omwe palibe angalikhudze, lisanatsegulidwe kuti aliyense alitenge. Lembani tsiku lothera la dzina lililonse pa kalendala ya pakhoma, osadalira imelo yokha.